Mtsikana wa Ambulera Yofiira ndi Mbuzi Yachitsulo

Kwathu kanema anafika magetsi asanafike. Anabwera naye a Nsanjama, eni chigayo, atamukulunga m'bulangete ngati wodwala, ndipo ankayaka ndi batire ya galimoto. Sabata isanathe mwana wawo anasemphanitsa mawaya, kanema uja n'kutulutsa kautsi kumbuyo. Kuyambira pamenepo zithunzi zinkaoneka bwinobwino, koma mawu zii. Akuluakulu anaonerako masiku angapo, kenaka anagwa ulesi. Ndani angakhalire kuyang'ana munthu wa tayi akungotafuna mphepo? Anatisiyira ife ana.

Loweruka lililonse dzuwa likapendeka kunkabwera makatuni atatu ondondozana. Ife tinkangoti nthawi ya a Masoakulu, poti anthu ake onse anali ndi maso aakulu kuposa pakamwa, kamphuno kochita kufufuza, ndi tsitsi la mitundu imene munthu sabadwa nayo. Oyamba anali a zimphona zachitsulo zogwetsana pamwamba pa nyumba. Achiwiri anali a ana asukulu opikisana kuphika, chakudya chawo chikuchita kuwala. Amenewa tinkaonera tikukankhana ndi kutsinana. Koma achitatu akayamba, ngakhale wachifuwa ankachimeza chifuwacho. Anali a mtsikana wa ambulera yofiira, woyenda m'misewu yosatha ndi mbuzi yachitsulo.

Mawu ankaika ndi achemwali anga, a Velina. Palibe anawasankha. Tsiku lina anangokhala pachitini pafupi ndi kanema, mtsikana uja atatsegula pakamwa iwo n'kunena kuti, "Mbuzi iwe, tayenda, kukuda kuno." Mbuzi itatembenuka anasintha mawu, nati, "Mayi, m'mawondomu mwatha girizi." Tinaseka mpaka a Nsanjama anasuzumira pazenera. Basi, ntchito inayambira pomwepo.

Mwa kunena kwa achemwali, mtsikanayo ankafuna mlongo wake wamng'ono amene anatumidwa kukagula mchere, osabwerako. M'tauni iliyonse ankaima n'kufunsa, "Zikomo bambo, simunamuoneko mlongo wanga? Wamfupi, wamakutu, watenga kambale." Apo ana onse ankatembenuka kuyang'ana makutu anga, chifukwa abale, makutu ndili nawo. Ine ndinkakhala pansi pafupi ndi chitini chija, ndipo ndikalowerera ndi mawu anga, dzanja lawo linkatera pabondo panga, phwa! "Khala chete iwe, ukundisokoneza."

Loweruka lina tinamusiya mtsikana uja ataima pakhomo pa nyumba yaying'ono, dzanja lili m'mwamba kuti agogode. Tonse tinadziwa kuti kwatsala mathero. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Lachisanu m'mudzi munagwa zovuta, anamwalira mkulu wina wakutsidya kwa dambo amene ife ana sitinkamudziwa n'komwe. Pamsewu anaika masamba. Kwathu maliro akakhala m'mudzi, wailesi siilira, chigayo sichilira, ndiye kanema akanayaka bwanji? A Nsanjama anamufunditsa nsalu ya patebulo. Ndinalira Loweruka limenelo mpaka azimayi anandiyamikira kuti mwanayu ali ndi chisoni. Loweruka lotsatira tinadzaza m'nyumba muja, koma pa kanema panabwera amuna awiri okambirana za feteleza, ndipo a Masoakulu sanabwerenso.

"Achemwali, anamupeza?" ndinafunsa.

"Ine ndikudziwa mmene zinathera."

"Ndiye tandiuzani."

"Sindingathe. Mawu amabwera ndikaona milomo yawo ikuyenda. Popanda zithunzi pakamwa panga ndi pouma. Ukadzazipeza udzandiitane."

Tinakula. Achemwali anakwatiwa, anabereka mwana wamkazi dzina lake Ndaziona, mwamuna n'kupita kukafuna ntchito kumene amuna sabwerako. Mmawa wina anagwa m'munda, khasu lili m'manja. Atadzuka mbali yakumanja inali itafa, ndipo lilime linafera limodzi. Munthu amene ankalankhula m'malo mwa mbuzi ndi mphepo yomwe, tsopano ngakhale kupempha madzi sankatha. Adokotala anati ena kulankhulanso amayambira pa nyimbo ya kutchalitchi, ena pa dzina la mwana, yesani chinthu chakale chimene ankachikonda. Azimayi a kutchalitchi anabwera kudzaimba mpaka kusasa mawu. Achemwali ankangowayang'ana. Ndinamva chisoni chimene sindinadziwe pochiika, ndipo m'chisonimo ndinakumbuka mawu aja.

Ndinamuuza Ndaziona, amene panthawiyo anali atangoyamba kumera mabere, kuti ndichokapo pang'ono.

"Amalume, mukuti mukupita kukafuna katuni?"

"Akaona zithunzi zija alankhula. Anandiuza okha."

"Nanga pobadiza ndi powasambitsa andithandiza ndani?"

"Sindichedwa, mphwanga."

Malo oyamba anali pamphambano, pamene mabasi amaima anthu n'kugula mbatata yootcha. Ndinagwira ntchito kwa a Likagwa, amene ankatchaja mabatire ndi kuimika milongoti ya kanema. Anandiphunzitsa kusankha nsungwi yosapindika, kumanga ma eriyo kunsonga kwake, ndi kuizungulitsa pang'onopang'ono wam'nyumba akufuula kuti "Pomwepo! Ayi, bwererani!" Anandiphunzitsanso kuti madzi a m'batire sayanjana ndi buluku. Nyumba iliyonse imene tinaimika mlongoti, pazenera pankadzaza ana, ndipo pakati pawo sipankalephera kupezeka wina wamakutu.

Tsiku lina tili padenga ndinawafunsa za mtsikana wa ambulera yofiira.

"Aa, uja wothawa ukwati uja?"

"Ayi bambo, ankafuna mlongo wake."

"Mlongo wa chiyani? Ndinaonera ine, ndi maso angawa. Anamukakamiza ukwati, iye n'kuthawa ndi mbuzi ya chiwongo. Kwathu ankamasulira ndi mwana wa aphunzitsi, wodziwa Chingerezi. Pamathero chitseko chinatseguka, kunatuluka mnyamata, mtsikana n'kunena kuti, 'Nayi mbuzi yanu, ine sindikufunani.'"

Ndinangoti eya, poti wolemba ntchito satsutsidwa uli naye padenga. Koma mumtima ndinati mwana wa aphunzitsiyo anali wabodza. Zithunzizo a Likagwa analibe, ndipo sankadziwa amene angakhale nazo. Ndinakhalabe. Mvula inabwera, inapita, inabweranso. Kenaka anthu anayamba kukhoma madishi a kanema pazipupa, milongoti n'kumagwa yokha ndi chiswe. A Likagwa anatseka chitseko, anandipatsa pulayala yakale, nati pita kutauni ya njanji, kumeneko kuli munthu wa matepi.

Ndisanakwere basi ndinaimba foni kwathu. Ndaziona anati, "Amayi dzuwa likapendeka akumayang'ana kumsewu."

"Waona? Ndi nthawi ya a Masoakulu imeneyo. Akudikira zithunzi."

Sanandiyankhe. Ndinaganiza kuti netiweki yathawa.

Kutauni ya njanji sitima inkadutsa mwa apo ndi apo, koma anthu ankakhalabe ngati akuidikira. Munthu wa matepi anali Joloza, mwini chisakasa choonetsera mafilimu kuseri kwa msika. Anali wamng'ono thupi, mawu ngati a anthu asanu. Ankatenga filimu yachilendo, kutsitsa mawu ake, iye n'kumalankhula pa maikolofoni m'malo mwa onse, ngwazi, chigawenga, mkazi, ngakhale galu. Nditamumva koyamba ndinatuluka panja, chifukwa misozi inandithawa pagulu.

Ndinayamba ndi kusesa ndi kukonza mabenchi, kenaka anandipatsa maikolofoni. "Usayang'ane maso, yang'ana milomo," ankatero. "Ikatseka iwenso tseka. Ndipo usamaganize, akulu. Woganiza amachedwa." Ine ndinkaganiza. Munthu pa kanema amakhala atamaliza kulankhula, wapita kukakwera hatchi, ine ndipamene ndikuti moni. Ana ankandikuwiza kuti "Achoke! Achoke wamakutuyo!" Ndinaphunzira ndithu, koma mophunzirira wosabadwa nazo.

Joloza anamukumbuka mtsikana uja msanga. "Mzukwa uja? Ho! Ana ankakodzedwa nawo."

"Mzukwa bwanji?"

"Anafa kalekale iye uja, n'chifukwa chake ankafunda ambulera kopanda mvula. Ndinkaika mawu ndine, kwa amalume anga, ndili mnyamata. Chitseko chitatseguka anamuuza mnyamata uja kuti, 'Nyamuka, ndabwera kudzakutenga.' M'nyumba monse kuwa!"

"Ndiye unkangopeka?"

"Nanga Chingerezi chothamanga chija ndani ankachimva? Aliyense ankapeka, akulu."

Mawu amenewo sanandikomere, ndipo ndinawakankhira kumbali. Joloza anati m'matumba akuseri muli matepi amene ankajambula pa kanema kale, ndifufuze ndekha. Anali matumba a chimanga odzaza, matepi opanda maina, ena atachita nkhungu, ena makoswe atadya. Mmawa uliwonse, anthu asanayambe kubwera, ndinkapukuta imodzi ndi thonje n'kuilowetsa. Ndinaona mipira ya anthu amene tsopano ndi nkhalamba, ndinaona alaliki, ndinaona nyengo ya zaka zimene zinapita. Mmawa wina, mayo ine, inatulukira miyendo inayi yachitsulo ikuyenda pamsewu, ndi m'mphepete mwa ambulera yofiira. Ndinaimirira. Chithunzi chinagwedera, n'kusanduka ukwati wa munthu wina, azimayi akuvina pa perekaniperekani. Ndinaonera ukwati wonsewo mpaka tepi kutha, kuti mwina mbuzi ibwerera.

"Aa, pepani," anatero Joloza. "Matepi ankavuta nthawi imene ija. Tinkangojambula pamwamba."

Sindikudziwa kuti ndinakhala zaka zingati m'tauni imeneyo. Ana amene ankandikuwiza anamera ndevu, ana awo n'kuyamba kuonera mafilimu pa mafoni, mabenchi athu n'kumakhala okha. Joloza anagulitsa malata a chisakasa. Ndinaimbanso kwathu.

"Amayi akumakana kulowa m'nyumba mpaka mdima," anatero Ndaziona. Kumbuyo kwake kunkalira khanda. "Akumakhala pakhonde, maso kumsewu."

"Auze kuti ndatsala pang'ono. Ndaona miyendo ya mbuzi."

"Amalume."

"Ee?"

"Basi, palibe."

Ndinadutsa malo ena ambiri, ndipo m'mutu mwanga anasakanikirana. Kwina ndinasenza matumba, kwina ndinawotcha njerwa, kwina ndinadwala n'kugona pakhonde la sitolo mpaka malungo atandisiya. Paliponse panali zenera, pazenera ana, mwa anawo wina wamakutu. Paliponse ndinkafunsa, "Zikomo bambo, simunamuoneko mtsikana wa ambulera yofiira? Amayenda ndi mbuzi yachitsulo." Ena ankati wamisala. Ena ankamwetulira, nkhope n'kubwerera ku umwana, nayamba kundiuza nkhani imene sinali ya achemwali. Nthawi zina madzulo ndinkaona ambulera yofiira kutsogolo kwanga m'khamu la anthu, ndikaithamangira n'kupeza ndi mayi wogulitsa tomato. Kubwerera chimanjamanja ndinkachita manyazi, kupitirira ndinalibe mphamvu, ndiye ndinkangopitirira.

Mapeto ake ndinafika mumzinda waukulu, pamsika wa mafoni, pamene tinyumba tamatabwa tapanikizana ndipo aliyense akuliza nyimbo yake. Ndinapeza ganyu kwa mtsikana wina dzina lake Tisope, amene ankasintha magalasi osweka a mafoni ndi kuikira anthu nyimbo ndi mafilimu. Anandiphunzitsa kutenthetsa galasi kuti limatuke, ndi kugwira tizomangira tating'ono osapuma mwamphamvu, poti mpweya wokha umatiuluza. Ndinali nditayamba kukalamba, koma ankandipirira. Kwa nthawi yaitali sindinamufunse kanthu. Ndinkati mwana wa dzulodzuloyu angadziwe chiyani za a Masoakulu? Safunsa anadya phula. Tsiku lina kunalibe makasitomala, ndipo ndinangozilankhula ngati munthu wolota.

"Amenewo ndi ma anime, madala. A ku Japani. Mwati ambulera yofiira ndi mbuzi?"

Anagogoda pa kompyuta yake. Sindinamalize n'komwe kupukuta galasi limene linali m'manja mwanga.

"Awa?"

Anali yemweyo. Tsitsi lomwe lija, ambulera yomwe ija, mbuzi ikutsimphina mwendo wakumbuyo. Sanakule ngakhale pang'ono. Ine ndinali ndi imvi, iye akadali pamsewu womwe uja. Ndinakhala pansi pafumbi.

"Ndiikire gawo lomaliza," ndinatero. "Mlongo wake anamupeza?"

Tisope anathamangitsa zithunzi, akuwerenga timawu tolembedwa m'munsi. "Mlongo? Palibe za mlongo apa. Mnyamatayu ndi mmisiri, ndi amene anapanga mbuziyo. Mtsikanayu akuti, 'Mbuzi yanga yaonongeka mwendo, mungaikonze?' Ulendo wonsewu amafuna wokonza mbuzi."

"Ukunama."

"Zalembedwa apa, madala. Ndikunamizeni chifukwa chiyani?"

"Mchere sanautchule?"

"Mchere wa chiyani?"

Ndinakwiya, koma wokwiyira panalibe. Kenaka ndinati zilibe kanthu, za a ku Japani ndi zawo, ine ndikufuna zithunzi zokha. Tisope anandiikira m'foni yakale ya galasi losweka pakona, anandionetsa potsitsira mawu ndi pobwezera m'mbuyo, nati ndipite nayo.

Kwathu ndinafika masana. Chigayo cha a Nsanjama chinali chitasanduka tchalitchi, ndipo pamsewu panali mapolo a magetsi. Ana amene anandilonjera sanandidziwe. Ndaziona ndinamupeza akuanika ufa, mayi wathunthu, wina kumbuyo wina akumugwira chitenje. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mwabwera nayo katuni yanu?"

"Ndabwera nayo."

"Ali pakhondepo. Pomwe munawasiya."

Achemwali anali atachepa. Tsitsi lonse mbuu, dzanja lakumanja litapindikira pachifuwa. Ndinagwada, ndinati, "Achemwali, ndine." Anandiyang'ana nthawi yaitali, diso limodzi likutuluka msozi, koma Ndaziona anati limatero nthawi zonse. Ndiye ndinachita chimene ndinadzera. Ndinatenga chitini, ndinatsamiritsa foni, ndinatsitsa mawu onse, n'kukhala pansi pafupi nawo, mbali ya dzanja lamoyo. Dzuwa linali litapendeka.

Mtsikana uja anatulukira ali pakhomo, dzanja m'mwamba. Achemwali anaweramira kutsogolo. Anamudziwa, ndinaona ndithu kuti amudziwa. Mtsikana anagogoda. Chitseko chinatseguka, kunatuluka mnyamata, ndipo milomo ya mtsikana inayamba kuyenda. Ya achemwali nayo inayamba kuyenda. Khosi lawo linakoka mitsempha, nsagwada inanjenjemera, ndipo chimene chinatuluka ndi mpweya wokha ndi dovu. Ndinabweza m'mbuyo. Chimodzimodzi. Ndinabwezanso, ndinabwezanso, mpaka Ndaziona anati, "Amalume, mukuwazunza."

Ndinalibe china choti ndichite. Zaka zonse zija, n'kudzathera pa mpweya. Ndipo poti chete uja ankandiopsa, ndinabweza kachikena n'kuika mawu ndekha, mochepetsa ngati mtsikana, monga anandiphunzitsira Joloza. Ndinayamba ndi za a Likagwa.

"Nayi mbuzi yanu, ine sindikufunani."

Phwa! Dzanja lamanzere linatera pabondo panga. Ndinadzidzimuka. Ndaziona anasiya ufa n'kubwera pafupi.

Ndinabweza. "Nyamuka, ndabwera kudzakutenga."

Phwa!

"Chabwino, nazi zenizeni, zolembedwa ndi eni ake. 'Mbuzi yanga yaonongeka mwendo, mungaikonze?'"

Phwa! Iyi ndiye inawawa. Ndaziona anaseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira, anadziphimba ndi chitenje. Achemwali analimo ndithu m'thupi muja. Mathero anali nawo, athunthu, kuseri kwa lilime lakufa lija, ndipo ine ndinalibe njira yowatulutsira.

Za anthu ena zinandithera. Ndinabweza komaliza, ndisakudziwa chimene ndinene. Mtsikana anagogoda, chitseko chinatseguka. Ulendo uno sindinayang'ane foni. Ndinayang'ana milomo ya achemwali, mmene inkavutikira kutseguka ndi kutseka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinaganize. Mawu anangotuluka.

"Iwe, unali kuti nthawi yonseyi?"

Dzanja linakwera. Ndinakonzeka. Linatsika pang'onopang'ono, linafika pabondo panga, n'kukhala pomwepo.

Pa foni mtsikana anali atatseka pakamwa. Tsopano inali milomo ya mnyamata imene inkayenda, akuyankha. Achemwali sankamuyang'ana iye. Anatembenuza mutu, movutikira, n'kuyang'ana ine.

Ndinatsegula pakamwa. Ndinaganiza za nsungwi za a Likagwa, za matumba a matepi, za ukwati wa munthu wosamudziwa umene ndinaonera mpaka kutha. Palibe chimene chikanakwana m'milomo ya mnyamata uja. Iye analankhula, analankhula, anamaliza. Zilembo zachilendo zinayamba kukwera, kenaka galasi linada.

Dzanja lija silinachoke. Achemwali ankadikirabe.